Mfuti ya m'mphasa

Agogo anga aamuna, a Zuze, ndimawakumbukira ndi kulira kwa hamala pa malata komanso fungo la dzimbiri lomwe silinkachoka m'manja mwawo ngakhale asambe ndi sopo. Ankakhoma mbaula kuseri kwa nyumba yathu ku Bangwe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kawailesi komanga ndi mphira kakulira pambali. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, koma za kumeneko sankazikamba.

Ndili Sitandade 6, mbava zamfuti zinawombera mwini golosale m'dera lathu. Apolisi anachititsa msonkhano, nanena kuti aliyense wosunga mfuti popanda chilolezo akaipereke yekha ndipo samangidwa. Anthu ambiri ankati umenewo ndi msampha.

Loweruka lotsatira agogo anakumba pansi pa khola la nkhuku n'kutulutsa mfuti yokulunga m'matumba a feteleza. Amayi anagwira pakamwa.

"Bambo, ingoponyani m'chimbudzi. Kupolisiko akakutsekerani."

"Ya m'chimbudzi munthu amavuula," anatero agogo. "Ine ndinaona zimene imachita iyi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Esinati, tiye. Ukandiwerengere Chingerezi cha pa pepala lawo, ndisakadinde chala pa zinthu zosazidziwa."

Anaikulunga m'mphasa n'kuisenza paphewa, koma kukamwa kwake kunkaonekera. Tisanafike patali ana anayamba kutilondola akukuwa kuti chigawenga, azimayi a pamjigo atasiya kutunga madzi. Ndinkayenda chowerama. Pa siteji ya minibasi tinakumana ndi atsikana a m'kalasi mwathu.

"Esinati, si agogo ako awa?" anafunsa mmodzi.

"Ayi, ndi ankolo ena ake okhoma mbaula. Sindikuwadziwa bwinobwino."

Ndinayankha mokweza, ndipo ndinaima pomwepo ndi anzangawo. Agogo anaima pang'ono osacheuka, n'kusinthira mphasa paphewa lina. Anapitiriza okha.

Anabwerako dzuwa litapendeka, mphasa ili yopinda kukhwapa. Anandipeza pakhonde n'kundipatsa pepala ndi manja awiri.

"Tandiwerengereni tsopano, mayi. Ndadinda chiyani?"

Chibadwire anali asananditchulepo kuti mayi. Ndinawerenga: apolisi alandira mfuti imodzi, ndipo woipereka alibe mlandu. Anagwedeza mutu n'kubwerera ku mbaula zawo. Sanawauze amayi, sanandikalipire, ndipo mpaka kumwalira kwawo nkhaniyi sanaitchulenso. Ine kupepesa ndinkangoti mawa.

Manyazi ake ndikadali nawo, ndipo pepala lija ndimalisunga m'Baibulo. Chidindo cha chala chawo n'chofufutika mbali imodzi. Anadinda osadziwa ngati tsiku limenelo agona kunyumba, ine ndili pa siteji kuseka ndi anzanga.