Dzira limene a Anselmo anakana kuliyandikira

A Anselmo Tapalla anabadwira pachilumba cha Cagayancillo, ndipo anakula ndi ntchito ya makolo awo yotola mazira a mbalame za m'nyanja pa kachisumbu kamchenga, ulendo wa maola atatu pa bwato. Ntchitoyo inali ndi lamulo lake. Tsiku loyamba munthu sankatola kanthu. Ankangoyenda pakati pa zisa n'kumaponda dzira lililonse, kuti akabweranso mkuja, limene alipeze likhale latsopano. Palibe ankaziyesa nkhanza zimenezi; inali njira yoti ana asadye mazira osukusa.

Mbalame zing'onozing'ono zinapirira. Koma zazikulu zija, zodera kumsana ndi zoyera kumimba, zinatheratu pachisumbupo a Anselmo asanakwatire.

Atakalamba, anayamba kunyamula alendo okaona mbalame. Chaka chatha anaona ziwiri zazikuluzo zitabwerera, patatha zaka makumi anayi, zikusinthana kufungatira dzira limodzi. Mbiriyo inafika kwa mayi Marivic Sumagaysay, mphunzitsi wa ku Iloilo, amene ankapempha akhonsolo kuti aletse anthu kutsika pachisumbucho. Akhonsolowo anafuna chithunzi cha dziralo kaye.

A Anselmo ananyamula mayi Marivic pa bwato, ndipo anafika kuchisumbuko dzuwa lili paliwombo. A Anselmo anazimitsa injini patali n'kuponya nangula.

"Manong, sendezani bwato kumchengako," anatero mayi Marivic, powaitana ndi mawu aulemu otchulira wamkulu kumeneko. "Mphindi zisanu zokha."

"Mukangoponda mtunda, mayi, zonsezi ziuluka. Ndi dzuwa ili, mphindi zisanu zanuzo dzira lipsa."

"Nanga tidikire madzulo?"

"Madzulo madzi aphwa, bwato silidutsa matanthwe aja."

"Mawa sitima yanga ikunyamuka. Popanda chithunzi akhonsolo andiseka."

"Asekeni nanu. Theka la iwowo ananenepa ndi mazira otola ine."

Mayi Marivic sanaseke. "Inu amene munaswa mazira zikwizikwi, lero mukudandaula ndi limodzi? Likafa limeneli, lamulo lipulumutsa mazana."

A Anselmo anayang'ana mapazi awo kwa kanthawi. "Nafenso tinkatero, mayi. Tinkati tiswe alero, amkuja adzachuluka."

Sanazule nangula. Mphunzitsiyo anajambula ali m'bwato momwemo, mafunde akumugwedeza, ndipo chimene chinatuluka chinali kadontho kodera pamchenga. Pa ulendo wobwerera a Anselmo anamugawira mpunga ndi nsomba youma. Akhonsolo ataona chithunzicho anati umboni ndi wosakwanira, nkhaniyo n'kuiika pambali.

Mpaka lero anthu amatsutsana. Ena amati nkhalambayo inagwetsa lamulo pofuna kudzitonthoza pa zimene inachita ili mnyamata, ndipo mfundo yawo si yopepuka, pakuti chisumbucho chikadali chosatetezedwa. Komabe amene amalankhula choncho amaiwala kuti mbalamezo zinali ziwiri zokha, ndipo palibe akanalonjeza kuti dzira likapsa zidzaikiranso pamalo pomwepo. Mphunzitsi ankawerengera mazira amene sanaikidwe. A Anselmo anali atawerengerapo motero, ndipo anadikira zaka makumi anayi.

Patatha milungu itatu anapitanso okha, nazimitsa injini pamalo aja. Pansi pa mbalame yaikulu panasuzumira kamwana koyera ngati thonje. Analibe chojambulira. Anakhala m'bwato akukayang'ana mpaka madzi atayamba kuphwa, kenako anapalasa ndi nkhafi mtunda wautali asanalize injini.