Foni Yodwala Loweruka Lokhalokha

Anzanga, ndikudziwa mmene mtima umathamangira ukaimbira munthu amene umamukonda, n'kumva mayi wa m'foni uja akuti nambala sikupezeka. Umadzifunsa kuti kodi ndi netiweki, kapena pali china? Ine ndinadzifunsa funso limeneli kwa miyezi isanu ndi iwiri.

Ndine mphunzitsi wa sayansi. Mwamuna amene ndinkamukondayo ndinakumana naye tsiku limene anabweretsa makatoni a zipangizo za mu labu kusukulu kwathu, chifukwa ntchito yake inali yoyendetsa galimoto ya kampani. Atatsitsa katundu ndinamuona ataima pawindo, foni ataikweza m'mwamba.

"Achimwene, mukuiwothetsa dzuwa?"

"Musaseke aphunzitsi. Chiyambire m'mawa ikungolemba No Service. Abwana andimaliza lero."

Ine kufotokoza ndiye matenda anga. Ndinam'khazika pa situlu ya ana asukulu.

"Tsegulani airplane mode, muwerenge mpaka teni, mutseke. Mukatero foni imayambiranso kusaka netiweki."

Sizinathandize. Tinaizimitsa n'kuiyatsa, ayi ndithu. Ndiye ndinavula ndolo, n'kubaya pa kabowo ka m'mbali, kathireyi ka simu khadi n'kutuluka. Khadilo linali lakale, lothetheka pakona, fumbi lokhalokha. Ndinalipukuta ndi kansalu ka magalasi anga. Titabwezera, timizere ta netiweki tonse tinayi tinaima!

"Nanga malo enawa pa kathireyika ndi a chiyani?" anafunsa.

"Ndi a khadi lachiwiri. Ndipo mu settings umu mutha kuzimitsa limodzi, linalo n'kumagwira ntchito. Onani, mumangodina apa."

Ndinamuonetsa ndi chala changa chomwechi.

Anamwetulira. "Tiyese ngati ikuimbadi. Nambala yanu ndi chani?"

Patatha sabata ndinalandira uthenga kuchokera ku nambala yachilendo: "Injiniya wanga, ndine. Yakale ija ndaitaya, inkandivutitsa."

Anzanga, zinali bwino. Ankadutsa ndikamaweruka, n'kundinyamulira makope a ana. Ndikamachonga iye amakhala pambali, kuwachonderera ana osawadziwa n'komwe. "Uyu m'patseko malikisi awiri, walemba mwaukhondo." Ndinkaseka mpaka cholembera kugwa.

Vuto linali limodzi. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lolemba m'mawa, foni yake sinkapezeka.

"Kumene ndimakhala n'kotsetsereka," ankatero. "Netiweki sifika."

Ndipo ine ndi sukulu yangayi ndinkam'thandiza kunama. Ndinawafotokozera amayi anga mwadongosolo, kuti netiweki imayenda ngati mafunde, ndipo phiri kapena khoma lochindikala limatha kuitchinga.

Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Mwana wanga, phiri limenelo limamera Lachisanu n'kugwa Lolemba?"

Ndinakwiya nawo. Kuti ndiwatseke pakamwa, ndinam'pempha kuti abwere Loweruka adzawaone. Anavomera.

Tsikulo amayi anavala diresi lawo labwino, nayala nsalu yatsopano patebulo. Tinadikira. Tiyi anazizira, ndinatenthetsa, anaziziranso. Ndinaimba maulendo khumi ndi anayi... sikupezeka. Amayi sanandinene. Anangopinda nsalu ija mwakachetechete, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Lolemba pa buleki mwamuna uja anatulukira mu labu, nkhope ili yachisoni.

"Galimoto inandifera m'njira, foni nayo osagwira. Yandichititsa manyazi foni iyi."

Ndinam'khulupirira, anzanga. Ndinaitenga foniyo ndi mtima wofuna kuthandiza basi.

"Lero tithane nawo matendawa. Pali njira imodzi imene sinama. Tiika khadi lako m'foni yanga. Likagwira, yavuta ndi foni. Likakana, lavuta ndi khadi."

"Isiye, ndipita nayo kwa okonza."

Koma ndolo ndinali nditavula kale.

Kathireyi kanatuluka ndi makhadi awiri. Lina latsopano. Linalo lothetheka pakona, lija ndinalipukuta ndi kansalu kanga, lija anati analitaya.

Ndinabwezera, n'kutsegula settings, malo omwe aja ndinamuonetsa tsiku loyamba. Makhadiwo anali atawapatsa mayina. Lakale: Kunyumba. Latsopano, la nambala imene ndinkaidziwa pamtima: Ntchito.

"Kunyumba kuli ndani?"

Anayang'ana pansi. "Mkazi wanga... ndi mwana. Ndimafuna ndikuuze."

"Ndiye Lachisanu ukaweruka umazimitsa Ntchito."

Anatambasula dzanja kufuna foni yake.

"Foni yako ilibe vuto," ndinatero ndikum'patsira. "Usavutike kupita kwa okonza."

Belu linalira. Ana analowa, iye n'kutuluka. Ndinaphunzitsa mphindi makumi anayi ndi ndolo imodzi kukhutu, inayo ndili nayo m'manja, ikundibaya.

Madzulo ndinawauza amayi. Sananene kuti, "Paja ndinkanena ine." Anangondivula ndolo yotsalayo, n'kundisisita pamsana ngati ndikadali kamwana.

Mpaka lero chimene chimandiwawa si bodza lakelo ayi. N'choti batani limene ankandizimitsira ndinamuonetsa ndine, ndipo mafunso amene mtima wanga unkafunsa ndinkawayankha ndekha, ndi mayankho a m'buku.

Ndiye anzanga, foni yanu ikadzataya netiweki musathamangire kwa okonza. Yesani airplane mode, zimitsani muyatse, pukutani khadi, liyeseni m'foni ina. Nthawi zambiri zimatheka. Koma ngati foni ya wokondedwa wanu ikudwala masiku omweomwewo sabata iliyonse, musamuyankhire ngati mmene ndinachitira ine. M'funseni modekha, maso ndi maso, kenako mukhale chete mumve yankho lake. Tayesani chonde, amayi anu asanayale nsalu yatsopano patebulo.