Buku Lachisanu Linali ku Lochinvar

Ndinanyamuka ku Kuwadzana, m'Harare, m'mawa nditakwiya kale. Chinali chaka chija m'masitolo munali mashelefu okhaokha, koma ine, mayi wa ana atatu, ndinasiya malonda anga a tomato kukasaka buku la nkhondo ya m'nyenyezi.

Oyambitsa zonsezi anali bambo anga, a Phiri. Iwo ankaphika m'nyumba ya mzungu pa famu. Famuyo italandidwa, anzawo anatuluka ndi mapoto ndi mabulangete, iwo n'kutuluka ndi mabuku asanu amene mwana wa mzunguyo anataya. Ndi mabuku aja olembedwa potsatira kanema: mfumu yankhanza ikulamulira nyenyezi zonse, ufumu wake ukugumuka, ndipo oukira akuuluka m'zombo zakuthaitha kuti akaumalize. Maso a bambo atachita ng'ala, mng'ono wanga amene ankawasunga ku Hatcliffe ankawawerengera, mpaka anamaliza mabuku anayi. Tsono mankhwala awo a shuga anasowa m'Harare monse, ndipo mwamuna wanga anawapezera malo pa lole yopita kwawo ku Malawi, yonyamuka mawa lake. Bambo anakanitsitsa. "Sindikwera ndisanamve buku lachisanu. Lili kwa a Mbewe ku Lochinvar." A Mbewe anali mnzawo wa pa famu, woyendetsa thirakitala. Wotumidwa ndinali ine.

Pa siteji tinaima, dengu langa la tomato lili pamutu, mpaka dzuwa linayamba kuwawa. Kombi, minibasi ija, itafika ndinaonetsa hwindi, ndiye kondakitala wa kuno, mpukutu wa ndalama za mabiliyoni. Anaseka.

"Mhamha, mapepalawo mukakolezere moto. M'dengumo muli chiyani?"

Ndinalipira mulu umodzi wa tomato, ndipo anasankha yekha akuluakulu. Mayi wina amene tinapanikizana naye anandifunsa ngati ndikupita ku maliro. Ndinati ayi, ndikukatenga buku. "La kutchalitchi?" Nditamuuza kuti ndi la nkhondo ya m'nyenyezi, anakumbatira chikwama chake, osandilankhulanso.

Mafuta anatithera pa msewu wa ku Bulawayo, tomato wanga osabwezedwa. Ndinadula wapansi, kudumpha njanji, kudutsa mafakitale otseka amene pamageti pake panamera udzu. Pa geti limodzi lotero, cha m'ma 12 koloko, ndinapeza a Mbewe akulondera, ndudu ili pakamwa. Nditapereka moni ndi kufotokoza, analowa m'kanyumba kawo n'kutuluka ndi bukulo. Linali lowonda ngati ladwala. Chikuto chinalipo, chombo chikuyaka moto, koma masamba onse akumapeto panalibe.

"Bambo, masamba enawa ali kuti?"

Anayang'ana ndudu yawo. "Mapepala opichirira fodya anasowa, mwana wanga, ndipo nyuzipepala imakanda pakhosi. Koma tsamba lililonse ndimayamba ndaliwerenga."

Ndinamva kutentha m'makutu. Ndayenda mtunda wonsewu, malonda ndasiya, ndipo mathero a nkhani anapita ndi utsi! Ndinawafunsa kuti tsono ufumuwo unatha bwanji, iwo n'kuloza pamutu pawo kuti zonse zili m'menemo. Ndinati basi, mutuwo tinyamuka nawo. Anayamba kudandaula za bondo, za nsapato, za geti losiyidwa lokha, ngati kuti m'fakitalemo munatsala chobedwa. Kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, "A Phiri akupita liti?" Nditati mawa, anakavala jekete.

Kupita m'tauni tinakwera kumbuyo kwa kagalimoto konyamula nkhuni, titalipira mulu wina wa tomato. M'tauni mizere ya ku mabanki inali itakhota m'makona. Chakudya chathu chamasana chinali kapaketi kamodzi ka maputi, chimanga chophulitsa chija, ndipo a Mbewe anadya ngati ndi iwo agula.

M'kombi ya ku Hatcliffe ndi mmene anandichititsa manyazi. Anati ayambe kuyeserera mathero kuti asakaiwale, ndipo mawu awo ndi a munthu wozolowera kukuwa pa thirakitala. "Ufumu ukamagwa, mwana wanga, akuluakulu amayamba kupakira chuma m'zombo. Asilikali wamba sauzidwa. Mfumu ikungolankhulabe pa wailesi kuti zonse zili bwino!" Chaka chimenecho mawu otere ankasowetsa munthu. Bambo wina wa tayi anatembenukira a Mbewe. "Sekuru, tsitsani mawu, tili ndi ana kunyumba." Ndinatulutsa bukulo n'kuonetsa aliyense chikuto kuti ndi za m'nyenyezi, uku ndikuwatsina a Mbewe pantchafu. Tinadutsa mipanda italiitali ya ku Borrowdale, majenereta akulira m'kati, mpaka phula linatha n'kuyamba fumbi.

Tinafika dzuwa litapendeka. Bambo anali pa benchi panja. A Mbewe anangotsokomola kamodzi, bambo n'kudzutsa mutu.

"A Mbewe, fodya sanakupheni?"

Ndinayamba kunena mlandu wonse wa masamba osutidwa, koma bambo anandidula. "Mathero ndimawadziwa. Ndinawerenga kawiri maso ali bwino."

Pang'onong'ono dengu ndikanaliponya. "Nanga mwandiyendetseranji tsiku lonse, bambo?"

"Ndikanakutuma kuti ukaitane a Mbewe adzanditsazike, akanabwera?"

"Sindikanabwera," anayankha a Mbewe, maso ali pansi. "Kutsazikana sindikutha ine."

Anakhala pa benchipo, mapewa atagundana. Za nyenyezi sanatchulenso. Bambo anafufuza dzanja la mnzawo mpaka analipeza, n'kufunsa kuti, "Kwanu ku Dedza ndikanene chiyani?" A Mbewe anachoka kwawo ali mnyamata, ndipo sanabwerereko. Anayamba kutchula mayina a abale awo, n'kulekeza panjira. "Mukapeza wondikumbukira, mukanene kuti ndili bwino."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachikonzekere. Zaka zonsezi ndinali ndisanadziwe kuti amuna akale ena sangathe kunena kuti ndakusowa, mpaka apeze chonamizira. Bambo anaitana mng'ono wanga ali chigwirire dzanja lija.

"Longedza chikwama changa. Mawa ndikwera."