Momwe ndinasandukira wakuba ana pa Lizulu

Abale anga, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandionekera ine mwini dzuwa likuswa mtengo, ndipo wokayika abwere adzaone chipsera chili pamwamba pa diso langali. Papita zaka ndithu, koma mpaka lero ndikamva anthu akukuwa pamsika ndimayamba kuyang'ana kothawira.

Ine ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, ndipo mukudziwa momwe malo aja alili, kuti ukangowoloka msewu basi waponda ku Mozambiki. Tsiku lina la msika ndinaona kamwana kongoyamba kumene kuyenda kakulira pafupi ndi magalimoto, popanda wokayang'anira. Kodi ndi mayi uti wobereka amene angangopenya? Ndinakanyamula n'kuyamba kufunsa anzanga, ndipo wina anati anakaonapo ndi mayi wogulitsa kabichi tsidya linalo. Ndinawoloka nako kakuphiriphitha ndi kundikanda, poti sikandidziwa, n'kuwapeza mayi ake atabalalika akusuzumira pansi pa mabenchi. Anandithokoza mpaka kundininkha kabichi, ine n'kubwerera pamalo panga, mumtima ndikuti nkhani yatha.

Osadziwa kuti wina anali atajambula pafoni. Sanajambule pamene ndinkafunsa anthu, sanajambulenso pamene ndinkapereka mwana, anangotenga kachidutswa kapakati, koonetsa mayi wa duku lofiira akuwoloka msewu chothamanga, mwana akukuwa m'manja. Kuthamangako ndinkathawa lole, anthuni! Pansi pake analemba kuti wakuba ana waoneka pa Lizulu akuthawitsira mwana ku Mozambiki, aliyense wokonda ana ake atumize kwa ena msanga.

Foni yanga ndi ya mabatani, ndiye sindinadziwe kanthu mpaka pamene mchimwene wanga wa ku Joni anaimba kufunsa ngati ndine ndili m'kanema amene aliyense kumeneko akuonetsana. Tangoganizani, nkhani yochitikira pamphuno panga kudzaimvera kwa munthu wa ku Joni! Ndinathamangira kwa aneba amene ali ndi foni yaikulu, ndipo anandionetsa zonse. Kanemayo anali pagulu la mpingo, pagulu la makolo a kusukulu, pamasamba a mchezo ponseponse, ndipo nkhani inali itamera mapiko. Mayi wina amene mawu ake sindinawamvepo chibadwire ankalira mu uthenga wa mawu kuti amandidziwa bwino, ndimabisa ana m'matumba a kachewere. Bambo wina ankalumbira kuti anandiona ndi ziwalo za anthu m'chikwama. Ngakhale mnzanga amene timaimba limodzi kwaya anali atatumiza, ndipo nditamufunsa anayamba kulira, ati sanayang'anitsitse nkhope, anangoona mwana akukuwa mtima n'kumuwawa, chala n'kudina.

Amuna anga anandiletsa kupita kumsika, koma ine ndinati kubisala ndiye kuvomera mlandu, komanso anthu a pa Lizulu amandidziwa. Chimene sindinaganize n'chakuti tsiku la msika alendo amachuluka kuposa eni ake. Duku lija ndinalisiya, koma nkhope ungaisiye kunyumba?

Ndili mkati moyezera munthu kachewere m'ndowa, bambo wina wotsika m'basi anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni yake, n'kundiyang'ananso, kenako anakuwa kuti wakuba ana uja ndi uyu. Sindikudziwa kumene anthu anachokera. Ndinangomva mwala pachipumi, magazi n'kutseka diso, ena akundikoka chitenje, ena akundiponda, wina akuitanitsa matayala ndi petulo. Anzanga ogulitsa nawo ankakuwa kuti munthuyu ndi wathu, koma ndani akanawamva? Ndipo chimene sindimaiwala mpaka pano n'chakuti nditakweza maso kufuna wondithandiza, ndinangoona mafoni ali m'mwamba, anthu akukankhana kuti ajambule bwino imfa yanga.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wa kabichi uja. Atamva phokoso anawoloka msewu mwana ali kumsana, anang'amba gulu lija n'kudzigwetsa pa ine, akukuwa kuti mwana amene mukuti anabedwa uja ndi uyu ali kumsanayu, wofuna kuwotcha mayiyu ayambe wawotcha ineyo ndi mwana wanga. Anammasula mwanayo n'kumukweza m'mwamba, ndipo anali atavala kadiresi komwe kaja ka m'kanema. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, bambo wa m'basi uja n'kuzimirira, ndipo pamene apolisi ankafika panali patatsala kachewere wanga ali mbwee pansi, ndi tayala limodzi.

Nditatuluka kuchipatala, aneba aja anatijambula ine ndi mayi wa mwana tikufotokoza zoona zake, n'kuika pamagulu omwe aja. Mukudziwa chinachitika? Zii. Oona anali ochepa, otumiza kwa ena n'kuwerengeka pazala, pamene kanema wa ine ndikumenyedwa anali atafika kale kumene anafika woyamba uja. Kuli madera kumene mpaka lero ine ndikadali wakuba ana.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti nkhani siifala pafoni chifukwa ndi yoona, imafala chifukwa yaopsa munthu kapena yamukwiyitsa, makamaka ikakhala ndi mwana akulira, nkhope yoti anthu aida, ndi mawu oti fulumirani. Ambiri otumiza si oipa mtima, amadziona ngati akupulumutsa moyo. Ndiye inu, chinthu chikakufikirani n'kukutenthetsani mtima nthawi yomweyo, ikani kaye foni pansi, mufunse kuti chinayambira pati ndipo chinathera pati, chifukwa munthu ali m'kanemayo ali ndi ana akumudikira kunyumba, ndipo si aliyense amene adzapeze womugwera pamwamba miyala ikayamba kuvumba.