Moni wa amuna anga watimanitsa thandizo la olumala

Amuna anga awakaniza thandizo la olumala. Mlandu wawo? Anayankha moni.

Ndatopa, abale. Mphamvu zokalipa ndilibe, ndingokuuzani mmene zayendera.

Bambo a Tiyamike anadwala sitiroko chaka chatha. Dzanja lamanja silifumbata, mwendo amachita kukoka. Mabatani a shati ndimawamangira ndine ndisanathamangire thiramu, kasitima ka m'tauni kopita kuntchito. Mapepala okhazikika tili nawo, msonkho tadula zaka zonsezi kuno ku Salford, ku Mangalande, ndiye nesi wina anatiuza kuti tikhoza kupempha thandizo. Ife za mabenefiti sitinkadziwa kanthu. Tinkayesa kalata ya dokotala ndi yokwanira. Ayi ndithu. A boma safuna dzina la matenda, amafuna kumva zimene munthu akulephera kuchita tsiku ndi tsiku. Anatiuza ndani zimenezo? Palibe.

Anatiitana 9 koloko m'mawa ku ofesi ya kampani ina younika odwala. Ndinapempha tchuthi kuntchito. Tafika, chikepe chafa, chipinda chounikira chili m'mwamba. Mtsikana wolandira alendo, maso ali pa kompyuta, akuti tikapanda kukwera alemba kuti sitinabwere. Malo ounikira olumala, masitepe! Tinakwera. Ine pambuyo nditawagwira lamba wa thalauza, iwo thukuta lili kamukamu, sitepe iliyonse kuima.

Mayi wounikayo anatilandira akumwetulira, n'kufunsa kuti muli bwanji. Inu mukuwadziwa azibambo akwathu.

"Ndili bwino, Mulungu akusunga," anatero.

Anawafunsa ngati amasamba okha. Munthu wamkulu, dikoni wa mpingo, angauze mzimayi wachilendo kuti amasambitsidwa ndi mkazi wake? Anangoti amayesetsa. Nditati ndilankhulepo, mayiyo anakweza dzanja, akuti ayankhe mwiniwake.

Kalata yabwera Lachiwiri. Akuti anena okha kuti ali bwino. Akuti amasamba okha. Akuti anakwera masitepe popanda vuto. Popanda vuto? Nanga amene anawagwira lamba uja anali mzukwa?

Ndinaimba foni pa nambala ya pa kalatayo nthawi yopuma kuntchito. Kanyimbo kodikirira mphindi 48, chakudya changa mpaka kuzizira. Mnyamata woyankhayo akuti pepani, lembani kalata yopempha kuti aonenso, mwezi usanathe. Ndinafunsa za chikepe. Akuti zimenezo si za ofesi yawo.

Kalatayo ndilemba. Koma chandifoola ndi ichi. Dzulo ndinamva chiphokoso kubafa. Ndinawapeza ali pansi, sopo ali m'maso, akuyesa kusamba okha.

"Mayi a Tiyamike," anatero, "mwina akunena zoona anthuwa. Mwina ndi ulesi chabe."

Inu amene mukuyamba kumene nkhani zimenezi, mundimvere. Manyazi muwasiye kunyumba. Nenani za tsiku limene thupi lakaniratu, osati la Lamulungu pamene mwatchena. Chikepe chikafa musakwere, auzeni alembe kuti chafa, asinthe tsiku. Ndipo inu a maviza a ntchito, musadzaze fomu iliyonse musanafunse odziwa malamulo, mungadziike m'mavuto.

Tsono inu a kampani, ndiyankheni. Abwere ndani kudzawauza bambowa kuti si aulesi? Ine ndawauza, sakundimva. Akukhulupirira kalata yanu.