Chitsulo Chomwe Tinadikira Miyezi Khumi

Amuna anga ankawombera mapepala. Ndimayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu akwathu akamva kuti m'nyumba mwathu kuno ku dziko la azungu, ku Oshawa, munali mfuti, amandiyang'ana ngati ndanena kuti tinkaweta njoka. Sanaphepo ngakhale mpheta. Nyengo yotentha ikafika, Loweruka lililonse ankanyamula bokosi lawo lalitali n'kuyendetsa galimoto maola awiri kupita ku bwalo la kalabu yawo. Kumeneko ankagona chafufumimba pa kamphasa n'kumalasa chandamale chokhala kutali, moti ine ndi maso angawa sindinkachiona n'komwe. Anawaphunzitsa ndi mnzawo wa ku fakitale ya zitsulo za galimoto kumene anagwira ntchito zaka zambiri. Poyamba ndinalira, ndinasala kudya, ndinawauza kuti mfuti ndi ya apolisi ndi achifwamba. Koma ndinaona kuti munthu amene ankabwera kuchokera ku shifiti ali ndwii, osafuna kulankhula ndi munthu, Loweruka ankalowa pakhomo akuimba nyimbo za kwaya. Ndinasiya kulimbana nazo. Ndinayamba kuwaikira tiyi mufulasiki ndi mandasi awiri atatu.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndipo kuno ndimagwira ntchito yochapa zovala ku nyumba yosungirako okalamba. Za mfuti ndinazidziwa chifukwa chokhala ndi mwini wake basi. Ndinadziwa kuti paipi ya mfuti imatha ngati mmene imathera nsapato. Zipolopolo zikadutsamo zambiri, m'kati mwake mumaperepeseka, ndiye zimayamba kugwera uku ndi uku. Paipi ya amuna anga inali itatha. Anali ataitanitsa kale ina yatsopano, ndipo inafika kwa mmisiri wa mfuti, mzungu wina wachikulire, m'mwezi wa Febuluwale. Inali ikudikira kuti aidule mazinga n'kuimanga.

M'mwezi wa Malichi adokotala anatiuza kuti chifuwa chimene amuna anga ankatsokomola chiyambire Khirisimasi ndi khansa ya m'mapapo, ndipo yafalikira. Anali mayi wodekha, wolankhula mosamala. Anati mankhwala alipo ochedwetsa, osati ochotsa. Kenako anawayang'ana amuna anga n'kunena kuti, ngati pali zinthu zimene mumakonda kuchita, chitani chaka chino. Mwana wathu wamkazi, amene ndi nesi ku chipatala china ku North York, anali nafe m'chipindamo. Iye anamva zimene adokotala ankatanthauza. Inenso ndinamva, koma ndinakana kuzimva.

Loweruka lotsatira ndinakwera sitima ndi basi kupita ku mapemphero a amayi, m'fuleti ya mayi wina wa ku Zambia, pamwamba penipeni pa nyumba ina yosanja. Tinalipo amayi asanu ndi atatu, ena a ku Dedza, ena a ku Chipata, ena a ku Zomba. Anandigwira manja, anandilirira, Mulungu awadalitse. Ndipo anandilangiza monga timalangizirana: usavomereze ndi pakamwa pako zimene wanena dokotala. Usalole mawu otsanzika m'nyumba mwako. Agulire jekete la chaka cha mawa. Konzani ulendo wa kumudzi. Chita ngati munthu amene wayankhidwa kale. Ndinabwerera ku Oshawa mtima utalimba ngati mwala.

Mawa lake titaweruka ku tchalitchi, amuna anga anakhala pa tebulo la kukhitchini, dzuwa likuwala pa chipale chofewa chimene chinkasungunuka panja.

“Mayi, tabwerani mundithandize nzeru.”

“Nzeru za chiyani?”

“Za mfuti.”

“Ine wa Sitandade 7?”

“Munasankha ine pakati pa anyamata onse aja. Kusankha mumatha.”

“Pamenepo ndiye pomwe ndinaphonya,” ndinatero, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Pakati pa mfuti pali chitsulo chimene amati akishoni. Ndi mmene chipolopolo chimalowa, n'kutsekeredwa ndi kachitsulo kena kokhala ngati mpiringidzo wa chitseko. Paipi imamangidwa kutsogolo kwa chitsulo chimenechi. Akishoni yawo inali ya ku fakitale, yopangidwa pamodzi ndi zinzake zambirimbiri. Siinali yoipa. Koma inali ndi kakugwedera pang'ono, ndipo ikatentha mpiringidzo unkalimba, moti potsegula ankachita kudzutsa mutu, ndiye pobwerera pa galasi loyang'anira ankapeza mphepo yasintha. Mmisiri anati atha kuiwongola yakaleyo n'kumangapo paipi yatsopano, masabata asanu ndi limodzi ntchito yatha, bwalo likamatsegulidwa mu Meyi mfuti ili m'manja. Njira ina inali kuitanitsa akishoni yochita kupangitsa, yosula amisiri ochepa m'kashopu kakang'ono, imodziimodzi, yothina bwino, yotseguka ndi chala chimodzi. Imeneyo ndi imene ankailota zaka zonse. Koma ofuna ndi ambiri, umalembetsa dzina n'kudikira miyezi isanu ndi itatu kapena kupitirira.

“Nanga bwanji osamanga pa yakaleyo panopa, inayo ikabwera n'kusamutsa?” ndinafunsa.

“Mazinga ake ndi osiyana. Paipi ikadulidwa yadulidwa. Ndipo kuti ndipeze paipi ina, ndi mzere winanso.” Anasisita tebulo ndi chikhatho. “Ine ndikuganiza zongokonzetsa yakaleyi. Chaka chatha ndinatsala pang'ono kupambana pa mpikisano waukulu wa mu Ogasiti. Chaka chino ndiwombereko.”

Mawu akuti chaka chino anandilasa. Ndinamva mawu a adokotala aja akutuluka m'kamwa mwa amuna anga, m'khitchini mwanga. Ndinaona ngati akutsanzika, ndipo ine ndikavomera ndiye kuti ndawatsegulira chitseko.

“Ayi, bambo. Itanitsani yatsopanoyo.”

“Mwamva kuti ndi miyezi isanu ndi itatu?”

“Ndamva. Munthu amene adzakhalepo chaka cha mawa amaopa chiyani kudikira?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Mukudziwa kuti ndikatero chaka chino sindiwombera?”

“Mudzawombera chaka cha mawa, ndi chinacho, ndi chinacho. Mulembetse dzina lanu, satana aone.”

“Ameni,” anatero motsitsa mawu. Sanali munthu wolamulidwa ndi mkazi. Pa zaka makumi atatu za ukwati wathu anandikanira zinthu zambiri. Koma Lolemba anaimba foni kwa mmisiri n'kumuuza kuti paipi aisunge.

Mwana wathu atamva anadikira mpaka tili awiri m'galimoto, ndikumuperekeza ku siteshoni ya sitima. Iye anabadwira kuno, Chichewa chake n'chothyokathyoka, ndipo akakwiya chimathawiratu. Anayamba m'Chingerezi, mofulumira, ine n'kumangotola apa ndi apo. Kenako anaima, napuma, n'kunena m'chinenero chathu kuti ndimve bwino.

“Mami, adadi ali ndi sama imodzi. Imodzi. Mwatenga.”

“Iwe ndiwe Mulungu kuti uziwerenga masiku a bambo ako?”

“Ndine nesi, mami. Ndimaona.”

“Umaona ndi maso. Chikhulupiriro ulibe.”

Anatsika osatsanzika. Mawu amenewo ndinamupepesa pambuyo pake, ndipo anandikhululukira, ndi mwana wabwino. Koma ndinawanena.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nyengo yotentha imeneyo, sama imene ankanena mwana wathuyo, amuna anga anali ndi mphamvu. Mankhwala ankawagwetsa masiku atatu, kenako ankadzuka, kutchetcha kapinga, kuyendetsa galimoto okha. Meyi, Juni, Julayi, munthu ali chilili. Ine ndinkati ndi yankho la mapemphero, ndipo mwina linalidi yankho, kungoti sindinadziwe kuti yankholo ndi la miyezi ingati. Ku bwalo ankapitabe. Tsiku lina anayesa paipi yakale ija, anabwera ndi pepala mabowo ali balala ngati anapiye aona kabawi, analipinda n'kuliponya m'bini. Mnzawo wa ku fakitale uja anawabwereketsa mfuti yake, koma iye ndi wamtali ngati mlongoti, mfutiyo anaikonza molingana ndi phewa lake ndi tsaya lake. Amuna anga anavutika nayo Loweruka limodzi, khosi linawawa sabata yonse, anabweza. Kuyambira pamenepo ankangothandiza kulemba mapointi a anzawo.

Chakumapeto kwa Juni mmisiri uja anaimba foni. Ndinali pomwepo ndikusita. Anati akishoni yatsopano ichedwa kuposa mmene ananenera, ndipo ngati asintha maganizo, atha kusiya ntchito zina zonse n'kuwamangira pa yakale ija kuti apeze mpikisano wa mu Ogasiti. Anthu a ku kalabu anali atamuuza za matendawo. Amuna anga anatseka foni ndi dzanja n'kundiyang'ana. Ine ndinapukusa mutu. Ndinapukusa mutu, simbi ili m'manja. Iwo anabwezera foni kukhutu n'kuthokoza mmisiriyo, n'kumuuza kuti adikira.

Mu Ogasiti ndinapita nawo ku mpikisanowo, koyamba m'moyo wanga, chifukwa tsopano ulendo wautali ankatopa nawo. Ndinaona dambo lalikulu lotchetchedwa bwino, mbendera zazitali zofiira m'mbali mwake zosonyeza mphepo, anthu atagona pamzere, amuna ndi akazi omwe, ena a imvi kuposa ife. Ndinkayembekeza phokoso ndi ukali. Ndinapeza bata ngati la m'tchalitchi anthu asanayambe kuimba, kenako kuphulika kumodzi, kenako bata. Amuna anga anakhala pa kampando kopinda kumbuyo kwa mzerewo, zotseka m'makutu zili kumutu, bolodi la mapointi lili pamwendo. Sankayang'ana anthu. Ankayang'ana mbendera. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ndinasendera pafupi n'kumva akunong'ona okha, “Dikira. Dikira. Tsopano.” Ndipo chala chawo cha mkombaphala chinkapinda pang'ono pa bondo.

Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene ndinachita. Ndinapita kuseri kwa galimoto n'kukhala pansi pa udzu. Ndinayesa kupemphera, mawu osabwera.

Pobwerera amuna anga anayamikira mnzawo amene anapambana, anati anawerenga mphepo bwino. Za iwo eni sananene kanthu. Ine ndinati, “Bambo, muimbireni mmisiri uja mawa.” Anayankha kuti bwalo latsala ndi masabata ochepa kutsekedwa, ntchitoyo singathe. Anati, “Tadikira kale, mayi. Tingomaliza.”

Masamba atayamba kufiira, mphamvu zinayamba kuchoka. Mu Novembala anasiya kutsika masitepe opita kuchipinda chapansi kumene kunali kabati yachitsulo yokhoma yosungiramo mfuti. Pofika Khirisimasi tinali titawaikira bedi pabalaza, ndi botolo la mpweya pambali. Amayi a mapemphero ankabwera mosinthana, ndi mapoto a chakudya, ena atangoweruka ku shifiti. Sindidzaiwala chikondi chawo. Palibe amene anandinamiza dala. Anandipatsa chimene iwonso anapatsidwa.

Akishoni inafika mu Januwale, patatha miyezi khumi. Mmisiri uja anabwera nayo yekha masana ena Lachiwiri, chipale chili m'mawondo. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa, ndinamupatsa tiyi. Anatsegula kabokosi n'kuika chitsulocho m'manja mwa amuna anga. Chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, chotuwa, chosalala, chotalika ngati chipande. Manja awo anali atawonda, mphete inkachita kuvuka yokha. Anaika chala chimodzi pansi pa mpiringidzo n'kukankha. Unatseguka wopanda phokoso. Anatseka, anatsegulanso, anatsekanso.

“Mwaona, mayi? Sananame anthu aja.”

“Ndaona, bambo.”

Mmisiriyo anati akafuna, paipi aidula sabata yomweyo, mfuti yonse aibweretsa kuti aione ili yathunthu. Amuna anga anamwetulira n'kumuuza m'Chingerezi kuti asadule. Anati aisiye yathunthu, adzadulire munthu amene adzawombere, molingana ndi zofuna za mwini wakeyo. Mzunguyo anayang'ana pansi, anamaliza tiyi wake, anawagwira dzanja nthawi yaitali n'kutuluka.

Titatsala awiri ndinagwada pambali pa bedi. Sindinagwadire kupemphera, ndinagwadira iwo.

“Bambo, ndinakulakwirani. Munali ndi mphamvu miyezi yonse ija. Mukanawombera. Ndine ndinakaniza, kawiri konse.”

Mpweya unkalira m'kachubu ka m'mphuno mwawo. Chitsulo chija chinali pachifuwa pawo.

“Dzukani, mawondo anuwo ndi a ntchito,” anatero. Sindinadzuke. Ndiye anati, “Pakamwa ndinali napo, mayi. Ndikanatha kukana. Kungoti nanenso ndinkafuna kuti mukhale mukunena zoona.”

Anamwalira Lachinayi lina m'mawa, Febuluwale asanathe, ine ndi mwana wathu tili pomwepo. Ine chiphaso chosungira mfuti ndilibe, choncho mwana wathu anayendetsa mapepala, mmisiri uja anabwera kudzatenga zonse za m'kabati muja. Sindinafunse kuti zinapita kwa yani.

Ndimathokoza Mulungu kuti anandipatsa mwamuna wofatsa, ndiponso kuti sanapite ndi mkwiyo. Ku mapemphero ndimapitabe, ndimaimba nawo, ndimagwira manja a anzanga. Mwezi wathawu mayi wina wachitsikana anabwera akulira, amuna ake awapeza ndi matenda a chiwindi. Amayi anayamba kumulangiza, kenako onse anatembenukira kwa ine kuti ndinenepo, poti ndinadutsamo. Ndinamufunsa kuti amuna akewo amakonda chiyani. Anati kuwedza nsomba. Ndinamuuza kuti apemphere ndithu, asaleke, koma Loweruka likubwerali awaperekeze kumadzi.