Makaseti a Amayi Anu M'munda wa Mapira

Ana inu, lero ndapeza ba Mwanza, alamu anga, atasolola tepi ya m'makaseti a malemu amayi anu n'kuimanga pa timitengo m'munda mwathu, kuti mbalame zizithawa.

Ndi makaseti aja a mayi woimba ndi gitala, amene amayi anu anagula ku Lusaka m'ma 90. Mphepo ikawomba, tepiyo ikulira ngati mluzu. Mbalame sizikuterako ndithu.

Akuti, "Alamu, wailesi inafa kalekale. Mudzadya nyimbo? Bweretsani yotsalayo, mbalame zikutha mapira chakumtsinje."

Yatsala kaseti imodzi, ija amayi anu ankaimvera pochapa. Inu mukuti bwanji, ndiwapatse?

Ine ndangotenga khasu langa n'kumapita.